Tchalitchi cha anthu obwera: chimene chimaonetsa kuti ndi chawo n'chiyani?

Mlembi wa komiti yomanga, Moatize

Ndikupereka moni kwa akuluakulu ndi onse amene mumawerenga pano. Ine ndine mlembi wa komiti yomanga mu mpingo wina waung'ono kuno ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ambiri mwa ife tinachokera ku Angónia ndi ku Tsangano, ochepa ku Macanga, ndipo tinatsikira kuchigwa kuno pofuna ntchito pamene migodi ya malasha inayamba kukula cha m'ma 2011. Anansi athu amalankhula Chinyungwe, kuntchito timalankhula Chipwitikizi, koma Lamulungu timaimba ndi kupemphera m'Chichewa monga tinkachitira kumudzi. Kwa zaka zoposa khumi takhala tikusonkhana m'chisakasa cha malata pamalo obwereka. Tsopano tapeza malo athuathu, mapepala ake atuluka, ndipo ndalama zimene tasonkha zingakwanire maziko ndi khoma kufikira pamazenera.

Chimene chatiimitsa ndi kusamvana pa maonekedwe a nyumbayo. Akulu a mpingo akufuna kuti timange chofanana ndendende ndi tchalitchi chakumudzi, cha njerwa zootcha zosapaka laimu, nsanja ya belu kumaso kwake, ndi mazenera aatali osongoka pamwamba. Mkulu wina ananena kuti akufuna mwana wobadwira ku Moatize, amene sanamvepo chisanu cha mu Juni ku Ulongué, likulu la Angónia, akalowa m'nyumbayo adziwe kumene makolo ake anachokera. Achinyamata akufuna holo yaikulu ya mabuloko, ya matayilosi pansi ndi magalasi kumaso, ndipo akuti mtundu wa munthu sukhala pakhoma. Funso langa ndi ili: anthu ena amene anasiya kwawo n'kukamanga nyumba zopemphereramo kwa eni, kodi anatengapo chiyani kuchokera kwawo, ndipo anasiya chiyani? Tikufuna nzeru tisanakumbe maziko.

ANgozo, mphunzitsi wopuma, Ulongué

Zikomo alembi chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi chinthu chimene akulu a mpingo wanu mwina sangakondwe kumva: tchalitchi chimene akuchitcha chakumudzicho nachonso ndi nyumba ya anthu obwera. Amene anayamba kumanga motero m'dziko lathu anali alendo osowa kwawo, monga momwe inu mukusowera kwanu ku Moatize.

Taonani Boroma, kumtunda kwa mzinda wa Tete. Ansembe a chipani cha aJezwiti, ena mwa iwo ochokera ku Hungary ndi ku Austria, anamanga tchalitchi chachikulu cha São José pachitunda choyang'ana Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zikuoneka kuti cholinga chake chinali choti aliyense wodutsa pa bwato aone kuti Ulaya wafika ndipo sachoka msanga. Kuno kumapiri aJezwiti omwewo anatsegula mishoni ya Lifidzi patangotsala pang'ono kuti boma latsopano la Portugal liwathamangitse mu 1910. Amishoni a Dutch Reformed ochokera ku Cape ku South Africa, amene anali atakhazikika kale ku Mvera ndi ku Nkhoma ku Malawi, anatsegula mishoni ya Mphatso kuno ku Angónia mu 1909, ndipo boma lachitsamunda linatseka mishoniyo mu 1922. Tsidya la malire, ku Blantyre, David Clement Scott wa ku Scotland anatsogolera ntchito yomanga St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, iye wosaphunzira ntchito yolemba mapulani a nyumba, akungoyala njerwa monga momwe ankakumbukirira matchalitchi amene anawaona kwina. Zenera losongoka pamwamba limene akulu anu akulifuna linafika kuno kuchokera ku Ulaya, kumene amisiri ankafuna njira yoti khoma lalitali lisenze denga la miyala koma kuwala kuzilowabe.

Makolo athu enieni ankamanga zosiyana kwambiri. Kachisi wa mvula anali kanyumba kozungulira ka mitengo ndi udzu, kopanda zenera, kakang'ono moti anthu sankalowamo onse. Ankakhala panja, pansi pa mtengo, nsembe yokha ndi wopereka nsembeyo ndiye ankalowa. Kachisiyo akagwa ankamumanganso, ndipo kumanganso kumeneko kunali mbali ya chipembedzo, monga amachitirabe kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Angoni a Maseko, amene anadzakhazikika mozungulira phiri la Dómuè n'kusiyira dera lino dzina lakuti Angónia, sanabwere ndi pulani ya kachisi kuchokera kumwera. Malo awo olankhulirana ndi mizimu anali khola la ng'ombe pakati pa mudzi. Achewa ndi Angoni tonsefe ndife anthu a paulendo, ndipo zimene tinayenda nazo zinali zopepuka: mwambo, mfunda, nyimbo, ndi kudziwa amene ayenera kukhala pati.

Komabe sindikunena kuti akulu anu alakwa. Njerwa za matchalitchi akumudziwo sanaumbe azungu. Anaponda dothi ndi agogo athu, anasenza madzi ndi agogo athu aakazi, ndipo mibadwo inayi yabatizidwa, kukwatitsidwa ndi kulirira maliro pakati pa makoma amenewo. Chinthu chikadutsa m'manja ambiri chotero chimasanduka cha eni manjawo. Ndikungopempha kuti pokambirana musamanene kuti mbali imodzi ikuteteza Chichewa ndipo ina ikutsata zachilendo, chifukwa mbali zonse ziwiri zikusankha pakati pa zinthu zobwera, china chakale ndi china chatsopano. Kumbukiraninso kuti Mphatso itatsekedwa, akhristu a kuno anakhala zaka zambiri opanda nyumba yawoyawo, akumawoloka malire kupita ku Mlanda ndi kwina kukadya mgonero, koma mpingo sunafe.

Che Saidi, wamalonda, mzinda wa Tete

Ine ndine Msilamu, Myao wobadwira kufupi ndi nyanja, koma ndakhala ku Tete zaka zambiri ndipo Chichewa ndi chimene timamvana nacho pamsika. Ndiloleni ndiponyepo mawu, pakuti ife nkhani imeneyi timakumana nayo kawirikawiri.

Pa mzikiti pali zinthu zimene sitingasinthe ndi zimene tingasinthe, ndipo kusiyanitsa ziwirizi kumathetsa mikangano yambiri. Chosasinthika choyamba ndi kumene tikuyang'ana poswali. Kuchokera ku Tete, Makka ali kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, choncho mzikiti uliwonse m'chigawo chino, kaya ndi wa munthu wolemera kaya ndi wa zidina, khoma lake la kutsogolo limayang'ana komweko, ngakhale zitachititsa kuti nyumbayo ikhale mopingasa ndi msewu. Mukaona kanyumba ka m'mudzi kali ndi kachipinda kotulukira kunja pakhoma la kumpoto, dziwani kuti pamenepo ndi poima wotsogolera swala. Chachiwiri ndi madzi otawazira pafupi ndi khomo, chachitatu ndi malo oyera ovulira nsapato. Denga lozungulira ngati chipanda ndiponso nsanja yaitali, zimene anthu ambiri amaganiza kuti ndiye mzikiti, si lamulo la chipembedzo. Zimenezo ndi zovala zimene mtundu uliwonse umaveka mzikiti wake.

Ndiye mukayenda mudzaona kuti abale athu ochokera ku India ndi ku Pakistan amaveka mizikiti yawo monga kwawo, pamene ife Ayao kwa zaka zambiri tinkamanga yosasiyana ndi nyumba zogonamo. Ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, munthu wamalonda wa ku Turkey anamangitsa mzikiti wa Nizamiye, umene unatsegulidwa mu 2012, motengera mzikiti wa Selimiye wa mumzinda wa Edirne kwawoko. Munthu akauona ali pamsewu waukulu safunsa kuti eni ake ndi a kuti. Koma chovala chomwecho chimene chimakondweretsa mwini chimatha kuwawa m'maso mwa eni dziko. Ku Switzerland mu 2009 anthu anaponya voti yoletsa kumanga nsanja za mizikiti, pamene dziko lonselo linali ndi nsanja zinayi zokha. Sanaletse kuswali, analetsa chooneka patali.

Kwa inu alembi ndinganene kuti nsanja imalankhula ndi anthu akunja, pamene m'kati mwa nyumba mumalankhula ndi eni ake. Komiti yanu iyambe yagwirizana kuti ikufuna kulankhula ndi yani, Anyungwe oyandikana nanu kapena ana anu.

ANaphiri, Tsangano

Bambo mlembi, ndikufunseni kaye: mu komiti yanuyo muli amayi angati? Ndafunsa chifukwa zonse zimene mwatchula ndi za kumaso kwa nyumba, ndipo palibe amene watchula za kuseri.

Ine ndinathawa nkhondo ndili mtsikana, tinakakhala mbali ya Ntcheu pamodzi ndi anthu ena ambirimbiri, pakuti Amozambiki amene anathawira ku Malawi nthawi imeneyo anapitirira 1 miliyoni. Tisanamalize n'komwe kufolera zithando zathu, amuna anadzika mitengo ya kapela, ife tinamweta udzu ndi kuzira pansi. Panalibe njerwa, panalibe zenera losongoka, koma aliyense wolowamo ankadziwa kuti ndi kapela ya anthu a mudzi wathu, chifukwa tinaitcha dzina la woyera yemwe uja wa kapela imene tinaisiya, amayi ankakhala mbali yawo ndi abambo mbali yawo monga kumudzi, ndipo nyimbo tinkaziimba mokoka monga timaimbira kuno, mosiyana pang'ono ndi eni dera. Belu lathu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndipo ife titayamba kubwerera, kapelayo tinaisiya osayang'ana m'mbuyo, koma chitsulo chija amuna awiri anachisenza pamtengo mpaka kumudzi. Chilipobe, ngakhale tsopano tili ndi belu logula.

Tsono ndikuti siyani malo kuseri kwa tchalitchi omangapo khitchini ndi khonde lalikulu, ndipo mubzale mitengo ya mthunzi chaka chino chomwe, khoma lisanakwere. Kwathu msonkhano wa amayi, chilangizo cha atsikana, kuphika pa ukwati ndi pa maliro, zonse zimachitikira panja. Mukadzaza malo onse ndi holo, mudzakhala mutamanga nyumba yoti anthu alowe, amve ulaliki ndi kubalalika, ndipo mwana wa ku Moatize uja sadzamva Chichewa chakuya, pakuti chimenecho chimalankhulidwa pamafuwa pamene amayi akupakula nsima ya anthu mazana awiri.

Mbewe, Johannesburg

Moni nonse kumudzi. Ndawerenga mawu a aphunzitsi aNgozo ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma ndikufuna kuwonjezera mbali imene ife okhala kunja timaiona tsiku ndi tsiku, yomwe ndi ya ndalama ndi mapepala.

Anthu obwera amene amamanga nyumba zofanana ndi za kwawo ndi amene ali ndi chuma ndiponso chilolezo chokhalitsa. Ahindu a ku London anatsegula kachisi wa ku Neasden mu 1995. Miyala yake inachokera ku Bulgaria ndi ku Italy, inatumizidwa ku India kukasemedwa ndi amisiri a kumeneko, kenako inabwera pa sitima kudzalumikizidwa chidutswa ndi chidutswa. Abuda ochokera ku Taiwan anamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, wa madenga opindikira m'mwamba ngati uli ku China. Ngakhale m'dziko lathu lomwe, Ahindu ali ndi kachisi wawo wakale ku Salamanga, kumwera kwa Maputo, ndipo pa Ilha de Moçambique kapela ya Apwitikizi ya Nossa Senhora do Baluarte, ya mu 1522, ili pachilumba chimodzi ndi mizikiti ndi kachisi wa Ahindu. Ambiri mwa amenewa anali amalonda kapena olamulira, anthu otha kugula malo n'kuitanitsa amisiri kuchokera kwawo.

Ife ogwira ntchito m'minda ya maluwa ya azungu ndi m'magalaja sitili choncho. Mpingo umene ndimapempherako umachita lendi kalasi ya sukulu kwa maola atatu Lamulungu. Timafika ndi nsalu yoyala patebulo, mtanda wa matabwa, ng'oma ziwiri ndi Buku Lopatulika, amayi atavala yunifomu yawo, ndipo nthawi ikatha timalongedza zonse m'chikwama kuti alowe a ku Congo amene amabwereka chipinda chomwecho masana. Ena amapemphera paphiri atavala zoyera, atazunguliza miyala pamalo awo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo munthu amene akudziona ngati mame saotcha njerwa. Agogo athu amene anapita ku migodi ndi ku mafamu a ku Southern Rhodesia, imene lero ndi Zimbabwe, anayamba chimodzimodzi, koma atakwatira ndi kubereka komweko anamanga matchalitchi, mpaka mpingo wawo unakula kukhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Gule wamkulu anapita nayenso, ndipo iyeyo sanafune khoma lililonse, dambwe lokha kuthengo.

Chodabwitsa n'chakuti ndalama zathu zomangira zimapita kumudzi, ndipo kumudziko timatumiza ndi zithunzi za matchalitchi a kuno kuti amisiri atengere. Mukapita m'midzi ina ya ku Angónia mudzapeza tchalitchi chatsopano cha magalasi akuda ndi matayilosi, chomangidwa ndi ndalama za ana a ku Joni. Choncho pamene akulu anu ku Moatize akufuna kukopera chakumudzi, kumudziko akukopera cha ku Johannesburg. Achinyamata anu musawaone ngati otaya mwambo, pakuti chimene akufunacho n'chimene abale awo akumanga kwawo komweko.

Mmisiri Zimba, Matundo

Ine si wodziwa mbiri, ntchito yanga ndi chingwe, levulo ndi supuni yomangira, ndipo ndamangapo nyumba zopemphereramo za mipingo yosiyanasiyana mbali zonse ziwiri za Zambezi. Ndikuchenjezeni kuti mbali zonse ziwiri za komiti yanu zikuiwala dzuwa.

Tchalitchi cha ku Angónia chinamangidwira dziko lokwera, lopitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, kumene m'mawa wa mu Juni anthu amalowa atafunda. Mazenera ake ndi opapatiza ndipo mphepo siloledwa kudutsa. Mukachikopera ndendende n'kuchiika ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu adzatuluka ulaliki uli pakati. Holo ya achinyamata nayonso, ya malata otsika ndi magalasi oyang'ana dzuwa, idzakhala uvuni weniweni, ndipo mudzathera chopereka pa magetsi a mafani.

Malangizo anga ndi awa. Mbali zazitali za nyumba ziyang'ane kumpoto ndi kumwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya makoma aafupi. Khoma likwere bwino, denga lituluke kunja mokwanira kuti lichite mthunzi, ndipo pamwamba pa mazenera muike mabuloko obowola kuti mpweya wotentha uzituluka. Mazenera angathe kukhala osongoka pamwamba monga akulu akufunira, koma akhale otambalala ndi oyang'anizana. Njerwa yootcha ndi yabwino pa kutentha kuposa buloko yopyapyala ya simenti, ndipo oumba njerwa ku Moatize alipo ambiri, kungoti muziyese poziponya pansi musanagule, chifukwa zina sizipsa bwino nkhuni zikachepa. Muonenso dothi la pamalo anuwo. Ngati ndi lakuda, long'ambika m'chilimwe, maziko afunika zitsulo ndi konkire yokwanira, apo ayi khoma lidzang'aluka mvula yachiwiri isanathe.

Za nsanja, ndinene mosabisa kuti imadya ndalama zofanana ndi chipinda chathunthu ndipo imafuna maziko akeake. Mpingo wina umene ndinaugwirira ntchito unaumirira nsanja, ndalama zinathera pamenepo, ndipo anapemphera zaka zitatu m'nyumba yopanda denga. Belu lingapachikidwe pa zipilala ziwiri za njerwa pambali pa khomo, nsanja n'kudzabwera m'tsogolo. Mpingo winanso wa anthu a kumapiri unachita chinthu chimene chinandikhudza: anatuma galimoto kukatenga mwala umodzi kumudzi kwawo, abusa anaupempherera, ndipo ndinaumangira pakhoma pafupi ndi khomo, pamsinkhu woti mwana angaukhudze. Sunawadyere ndalama kupatula ya thiransipoti.

ANgozo, mphunzitsi wopuma, Ulongué

A Mbewe anena zoona pa nkhani ya ndalama, ndipo ndikuvomereza kuti mbali imeneyo ndinaidumpha. Ndingowonjezera kuti pali njira ina imene sinatchulidwe, yomwe ndi kuika Uchewa m'kati mwa nyumba m'malo mwa kumaso kwake. Ku Mua, m'boma la Dedza, bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri osema a kumeneko akongoletsa matchalitchi ambiri ndi zitseko, maguwa ndi zithunzi zosema zimene nkhope zake, zovala zake ndi ziwiya zake ndi za kuno kwathu. Ndikudziwa kuti mipingo ina silola zithunzi m'nyumba yopemphereramo, ndipo sindikudziwa wanu uli mbali iti, koma gome lolalikirapo, chitseko ndi mipando ya akulu zingathe kupangidwa ndi mmisiri wa kumudzi kwanu, ndi matabwa a mlombwa, popanda kuphwanya chiphunzitso cha aliyense.

Mlembi wa komiti yomanga, Moatize

Ndathokoza kwambiri nonse. Mayi aNaphiri, mwandigwira pakamwa: mu komiti ya anthu asanu ndi anayi muli mayi mmodzi yekha, msungichuma, ndipo nditamuwerengera mawu anu anaseka n'kunena kuti za khitchini anazitchula chaka chatha koma sizinalembedwe. Wosalembayo ndinali ine.

Tinakumana Loweruka. Akulu avomera kuti nsanja idikire, achinyamata avomera njerwa zootcha, ndipo tapempha mmisiri kuti adzaone dothi tisanajambule pulani. Za mwala wochokera kumudzi onse anazikonda, koma pomwepo panabuka funso lakuti mudzi wake uti, pakuti a ku Dómuè, a ku Tsangano ndi a ku Furancungo ku Macanga aliyense akuti wakwawo, ndipo zikuoneka kuti miyala idzakhala itatu. Chimene sitinamalize ndi mawu olemba pamwamba pa khomo. Akulu akufuna vesi la m'Chichewa lokha. Koma mabanja asanu ndi limodzi a Chinyungwe akhala akupemphera nafe kwa zaka zingapo ndipo asonkha nawo ndalama za maziko, komanso ana athu ambiri amawerenga Chipwitikizi bwino kuposa Chichewa. Nkhani imeneyi taiimika mpaka Loweruka la mawa, ndipo taitana awiri mwa mabanja a Chinyungwewo kuti adzakhale nawo pa zokambiranazo.